Tijambule m'Nyumba, Koma Mabuku Akhale kwa Eni Ake

Patchuthi chapitachi tinakwera mapiri a kwathu ku Dowa kukaona malo amene panali nyumba ya agogo athu aamuna, amene anatisiya chaka chatha. Monga mwa mwambo wa makolo athu Achewa, nyumbayo anaigwetsa zamaliro zitatha, ndipo pamene panali khonde tsopano payanga maungu. Za kugwetsedwa kwa nyumbayo sitikudandaula ayi, pakuti mwambo unayenera kutsatidwa. Chimene chatisowetsa mtendere ndi bokosi lachitsulo limene linkakhala kumutu kwa bedi lawo, limene iwo anabwera nalo pochokera ku migodi ya ku Joni. M'bokosimo munali Buku Lopatulika lachikale, lija lolemba "c" pamene ife lero timalemba "ch", buku la Nyimbo za Mulungu, buku la Nthondo lothothoka chikuto, ziphaso za msonkho ndiponso makalata. Patsamba loyamba la Baibulo lija agogowo analembapo ndi dzanja lawo maina a ana awo onse pamodzi ndi masiku amene anabadwa.

Pogawa katundu wamasiye, bokosi lija linapita kwa mwana wa mlongo wawo, amene anaona kuti n'labwino kusungiramo mbewu ya mtedza popeza makoswe sangaboole chitsulo. Mabuku ndi mapepala anawakhuthulira m'dengu nawaika pansi m'nyumba yophikira. Pamene ife tinkafika, chiswe chinali chitadya gawo lake, masamba ena anyamata anali atapichirira fodya, ndipo tsamba la maina lija silinaonekenso. Mbale wathuyo sitikumuimba mlandu, chifukwa iye anasamala chimene anachiona kuti n'chaphindu. Mlandu uli pa ife amene tinaphunzira mpaka ku yunivesite, amene kwa zaka khumi takhala tikulowa m'nyumba imeneyo ndi foni yojambula m'thumba, n'kumajambula maukwati, mpira ndi nkhope zathu zomwe, koma osajambulako ngakhale kamodzi khoma la nyumba imene inatilera kapena tsamba limodzi la mabuku amene tinaphunzirirapo kuwerenga.

Nkhaniyi taifotokoza chifukwa tikudziwa kuti si ya banja lathu lokha. Zotere zikuchitika ku Mvera, ku Mponela, ku Madisi, ku Malomo ndi ku Chinthembwe nthawi iri yonse pamene nkhalamba yatsikira kuli chete. Tsono maganizo athu m'ngodya ino lero ndi akuti, yakwana nthawi yoti tijambule m'kati mwa nyumba za makolo athu pamodzi ndi mabuku amene ali m'menemo, eni ake akali moyo ndiponso atatilola, ndi kuti chikondi chathu cha mabuku akale chisasanduke njira yolandira anthu osauka chuma chawo.

Wina angafunse kuti, kodi m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi mungakhale mabuku oti munthu n'kutaya nawo nthawi? Tiyeni tikumbutsane mbiri. Pa 28 Novembala 1889, Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok a mpingo wa Dutch Reformed anakhazikitsa mishoni ya Mvera m'dziko la Mfumu Chiwere. M'chaka cha 1894 Robert Blake anatsegula mishoni ya Kongwe, kumene lero kuli sukulu ya sekondale yodziwika ndi dzina lake. Kuchokera m'malo amenewa aphunzitsi a m'dziko momwe muno anamwazikira m'midzi kukatsegula timasukulu tofolera ndi udzu, ndipo kulikonse kumene mphunzitsi ankafika, buku linkafikanso. Mbali ina ya ntchito yomasulira Baibulo m'Chinyanja, imene ankaitsogolera William Hoppe Murray, inachitikira ku Mvera ndi pa phiri la Kaso chapafupi pomwepo, ndipo Buku Lopatulika lathunthu linasindikizidwa m'chaka cha 1922. Motero pali mabanja m'maboma awiriwa amene akhala akuwerenga kwa mibadwo inayi kapena isanu.

Ndiponso dera lino silinangolandira mabuku, linalowamo m'mabukumo. Samuel Josiah Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma amene anabadwa m'chaka cha 1905, analemba buku la Nthondo limene linapambana mphotho pa mpikisano wa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures. Bukuli linatuluka m'chaka cha 1933, ndipo chaka chotsatira T. Cullen Young analitulutsa m'Chingerezi ndi dzina lakuti Man of Africa. Nthara yemweyo analemba Mbiri ya Achewa, ndipo m'chaka cha 1949 anatulutsa mbiri ya Msyamboza, mfumu ya ku Chibanzi m'boma la Dowa. Mabuku otere ankagulidwa ndi aphunzitsi, akulu a mpingo ndi anthu obwera ku ntchito zakutali, ndipo ena mwa iwo akadali m'mabokosi kufikira lero. Amene anasindikizidwa chiyankhulo chathu chisanasinthidwe dzina kukhala Chichewa m'chaka cha 1968, kapena bungwe la Chichewa Board lisanatulutse malamulo a kalembedwe m'chaka cha 1973, ndiwo umboni wa m'mene makolo athu ankalembera ndi kuwerengera mau amene ife tikuyankhula.

Komabe phindu la buku lakale la m'mudzi silithera pa mau osindikiza okha. Nthondo akatayika m'nyumba imodzi, mwina wina angapezeke m'nyumba yosungiramo mabuku ku Zomba kapena ku Blantyre. Chimene sichingapezekenso kwina kulikonse ndi zimene mwini buku analembamo ndi dzanja lake: tsiku la ubatizo, chaka cha njala, mtengo umene anagulira ng'ombe, dzina la mudzi umene banja linachokera, ngakhale kamzere kamene anajambula kunsi kwa vesi limene linkamutonthoza. Anthu ambiri a m'badwo wa agogo athu analibe chikalata cha boma chosonyeza tsiku lobadwa, kotero kuti tsamba loyamba la Baibulo ndilo linali kaundula wa banja. Tsamba lotero likapsa, mbiri ya mtundu wonse yapsera pomwepo.

Chimodzimodzinso m'kati mwa nyumba muli zolembedwa, ngakhale kuti si za inki. Amene adziwa kuwerenga nyumba amaona zambiri. Pansi pozira bwino ndi dothi lakuda pamasonyeza luso la mayi wa pakhomopo. Ngala za chimanga cha mbewu zopachikidwa pamwamba pa moto zimasonyeza nzeru ya makolo yoingitsira anankafumbwe ndi utsi. Makina osokera a Singer, wailesi ya Nzeru, njinga yokolekedwa kuphaso, nyali ya koloboyi, kalendala ya mpingo ya chaka chimene chinapita kale koma yosachotsedwa chifukwa cha chithunzi chake, zonsezi zimafotokoza kumene mwini nyumba anayenda, ntchito imene anagwira ndi zimene ankazilemekeza. Ngakhale malo amene buku limakhala ali ndi tanthauzo. Baibulo lokhala pa kathebulo pafupi ndi mandala a maso likunena zina, ndipo lokulungidwa m'nsalu pansi pa bokosi likunenanso zina.

Nyumba zimenezi zikusintha mofulumira, ndipo kusinthako n'kwabwino. Palibe munthu wanzeru amene angauze mayi wa ku Ntchisi kuti akane malata ndi simenti kuti ife tizisangalala ndi denga laudzu lodontha. Mtsuko walowedwa m'malo ndi chidebe cha pulasitiki, koloboyi ndi nyali ya mphamvu ya dzuwa, mphasa ndi matiresi. Koma ife amene timaphunzitsa Chichewa kusekondale tikuona chimene chikutsatira. Tsiku lina tinafunsa ophunzira athu kuti afotokoze mpiringidzo, phaso ndi nsanja, ndipo ambiri anangoyang'anana. Mau amakhala ndi moyo malinga ngati chinthu chimene akutchula chikuoneka. Chinthucho chikachoka popanda kusiya chithunzi, mauwo amasanduka chipolopolo chopanda kanthu m'kati, choloweza pofuna kukhoza mayeso basi.

Zithunzi zakale za dziko lino sizitithandiza kwenikweni pa vutoli. Zambiri zimene timaziona m'mabuku a mbiri zinajambulidwa panja: matchalitchi, ana a sukulu ali pamzere, mafumu atakhala pamipando, magule pabwalo. Chifukwa china n'chakuti nyumba zathu zinali za mdima, za mazenera aang'ono kapena zopanda zenera n'komwe, ndipo makamera a masiku amenewo ankafuna kuwala kochuluka. Chifukwa china n'chakuti ojambulawo anali alendo amene ankafuna kuonetsa kwawo ntchito zawo, osati moyo wa kuseri kwa chitseko chathu. Lero foni wamba ikhoza kujambula m'nyumba ndi kuwala kolowera pakhomo kokha, ndipo kamerayo iri m'manja mwa mdzukulu wa mwini nyumba. Mwayi wotere makolo athu analibe.

Maiko ena anazindikira kale kufunika kwa ntchito imeneyi. M'chaka cha 1936 wojambula wina wa ku America, Walker Evans, anakhala pakati pa alimi osauka a thonje ku Alabama najambula makoma, mabedi ndi ziwiya za m'nyumba zawo. Zithunzizo zinatuluka m'chaka cha 1941 m'buku limene analemba ndi James Agee, ndipo lero ndi umboni waukulu wa moyo wa alimi a nthawi imeneyo. Ku South Africa, Santu Mofokeng anasonkhanitsa zithunzi zakale za mabanja a anthu akuda, zojambulidwa pakati pa 1890 ndi 1950, zimene zinkangokhala m'mabokosi ndi pamakoma, nazijambulanso ndi kufufuza maina a anthu ake. Ntchito yake inaonetsa kuti anthu amenewo ankadziona mosiyana kwambiri ndi m'mene atsamunda ankawajambulira. Nafenso tiyenera kudzijambula tokha, kuti adzukulu athu asadzatidziwe kudzera m'maso a alendo okha.

Tsono tifike pa nkhani ya osonkhanitsa mabuku. Alipo anthu, ena a m'tauni ndi ena ochokera kunja, amene amakonda mabuku akale ndipo amawafunafuna. Ambiri mwa iwo ndi a mtima wabwino, ndipo mabuku ena apulumuka ku chiswe chifukwa cha iwo. Koma taganizirani za nkhalamba imene nkhokwe yake yatha m'mwezi wa Januwale. Munthu akabwera ndi ndalama yogulira ndowa ya chimanga napempha Baibulo lakale, nkhalambayo singakane. Bukulo lipita kukakhala m'kabati yagalasi kutali, ana a banjalo sadzalionanso, ndipo wogulayo sadziwa ngakhale mudzi wa anthu amene maina awo alembedwamo. Malonda otere ndi ololedwa, koma si achilungamo, pakuti wina akugulitsa chifukwa cha njala pamene wina akugula chifukwa cha chisangalalo.

Apa ndi pamene kamera ikutithandiza. Kale munthu wofuna kupulumutsa zolembedwa anayenera kuzinyamula. Lero akhoza kuzijambula tsamba ndi tsamba n'kulisiya buku m'manja mwa mwini wake. Wofufuza apeza zimene amafuna, ndipo banja silitaya kanthu. Ngati buku liri pangozi yeniyeni, monga ngati mwini wake alibe womusiyira kapena denga likudontha, ndi bwino banja lonse likhale pansi ndi kugwirizana kumene lingakasungidwe, kaya ndi kwa mmodzi wa ana, ku mpingo, kapena ku National Archives ku Zomba, ndipo polipereka palembedwe kalata yosonyeza mwini wake ndi mudzi wake.

Ena anganene kuti n'kwabwino kungosonkhanitsa zonse m'nyumba imodzi ya boma kumene kuli akatswiri. Ntchito ya National Archives, imene inayamba m'chaka cha 1947, timailemekeza kwambiri, ndipo lamulo limafuna kuti buku lirilonse losindikizidwa m'dziko muno lizikasiyidwako limodzi. Komatu mbiri yatiphunzitsa kuti nyumba imodzi si yokwanira. M'mwezi wa Febuluwale 1919 moto unatentha maofesi a boma ku Zomba ndipo zolembedwa zambiri za zaka zoyamba za ulamuliro wa atsamunda zinapsa. M'mwezi wa Disembala 2015 nyumba ya mabuku ya pa yunivesite ya Mzuzu inapsa, ndipo mabuku pafupifupi 45,000 anasanduka phulusa. Mlimi wochenjera sasunga mbewu yake yonse m'nkhokwe imodzi. Buku likhale kumudzi, zithunzi zake zikhale kwa ana m'tauni, zina ku mpingo ndi zina ku Zomba, kuti moto umodzi usathe kutimaliza.

Pali chodandaula china chimene tiyenera kuchimvera mwaulemu, ndicho cha mwambo. Akuluakulu anati nyumba ya mwini saotchera mbewa. Kwathu kuno mwana wamkulu salowa kuchipinda kwa makolo ake, ndipo mkamwini sayenda m'nyumba ya apongozi ake ngati pamsewu. Ena amaopa kuti chithunzi chikafalikira chidzaitana akuba. Ena amachita manyazi ndi umphawi wawo, makamaka popeza anaonapo alendo akujambula ana ovala nsanza kuti akapemphere ndalama kunja. Mantha onsewa ali ndi maziko, ndipo wojambula amene sawalabadira ndi wopanda mwambo. Chifukwa chake tikunena kuti ntchitoyi igwiridwe ndi ana a pakhomo pomwepo, atapempha ndi kufotokoza cholinga. Mwini nyumba akakana chipinda china, chipindacho chisajambulidwe. Ndipo zithunzi za m'nyumba ya munthu zisaponyedwe pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp iye asanavomere, chifukwa chimene chalowa pa intaneti sichibwereranso.

Kajambulidwe kake si kovuta. Sankhani nthawi ya m'mawa kapena yamadzulo dzuwa lisanalowe, tsegulani chitseko ndi mazenera, ndipo muime motsamira khoma kuti dzanja lisanjenjemere. Jambulani makoma onse anayi, denga ndi pansi, kenaka ziwiya chimodzichimodzi pamalo pamene zimakhala masiku onse. Mayi wa pakhomo adzafuna kusesa ndi kuyala nsalu yatsopano, ndipo ndi ufulu wake kutero, koma mupempheni kuti asabise mtsuko wakale ndi chipanda chakuda ndi utsi, pakuti zimenezo ndizo mwadzera. Pa buku jambulani chikuto, tsamba limene pali dzina la buku ndi chaka chosindikizira, ndiponso tsamba lirilonse limene palembedwa ndi dzanja. Mukatero mufunse mwini wake kumene analipeza ndi amene analembamo, ndipo mayankho ake muwalembe m'kope tsiku lomwelo. Pomaliza, zithunzi zofunika kwambiri mukazitsukitse papepala, chifukwa foni imabedwa, imagwera m'madzi ndipo imafa. Kuseri kwa chithunzi chirichonse mulembe ndi pensulo chaka, mudzi, mfumu yaikulu ya deralo ndi dzina la mwini nyumba. Chithunzi chopanda dzina, pakapita zaka makumi awiri, chimakhala cha munthu wosadziwika.

Mabuku enieniwo afunikanso chisamaliro. Adani awo ndi chinyezi, chiswe, njenjete, mphemvu, makoswe ndi dzuwa. Mapepala ambiri a zaka zapitazo anapangidwa kuchokera ku mitengo m'njira imene imasiya asidi m'pepalamo, ndipo n'chifukwa chake amafiira ndi kuyamba kuthetheka akakalamba. Kutentha ndi chinyezi zimafulumizitsa kuonongekako. Motero bokosi la mabuku lisakhale pansi kapena kugunda khoma, koma likwezedwe pa njerwa kapena pa thabwa. Buku likulungidwe m'nsalu yoyera youma, osati kulimangirira m'jumbo ya pulasitiki m'mene thukuta la chinyezi limaunjikana n'kubala nkhungu. Lonyowa liumitsidwe pamthunzi podutsa mphepo, osati padzuwa. Tsamba long'ambika lisamatidwe ndi tepi yomatira, chifukwa ulimbo wake umadetsa ndi kudya pepala pakapita zaka. M'nyengo yachilimwe bokosi litsegulidwe kuti muone ngati mwalowa tizilombo.

Wina adzati, anthu akuvutika ndi mtengo wa feteleza, inu mukukamba za mapepala? Tikuvomera kuti chithunzi sichikhutitsa mimba. Koma ntchito tikunenayi sifuna thumba la ndalama ngakhale thandizo lochokera kunja. Ifuna tsiku limodzi la tchuthi ndi foni imene tiri nayo kale. Ndipo phindu lake limaoneka msanga kuposa m'mene tiganizira, pamene banja likufuna kudziwa chaka chimene gogo anabadwa, kapena pamene mbumba ikutsatira mzere wa makolo ake pa nkhani ya ufumu.

Pempho lathu likupita kwa aphunzitsi anzathu a Chichewa ndi a mbiri m'sukulu za sekondale za Dowa ndi Ntchisi, kuti patchuthi chikudzachi apatse ophunzira ntchito yolemba ndi kujambula za nyumba imodzi yakale ya m'mudzi mwawo. Likupitanso kwa abusa, ansembe ndi akulu a mipingo, amene ali ndi mabuku a ubatizo ndi a misonkhano m'makabati a mavesitile, kuti awaone ngati ali bwino. Mafumu nawo angathandize pokumbutsa anthu awo, pa nthawi yogawa katundu wamasiye, kuti mabuku ndi makalata a malemu apatsidwe munthu mmodzi wodziwika, monga m'mene amachitira ndi njinga kapena mbuzi. Mutu umodzi susenza denga.

Ife titachoka pa bwinja la ku Dowa lija tinapitirira ulendo mpaka kunsi kwa phiri la Ntchisi, kumene agogo athu aakazi obala bambo athu akali moyo. Tinakhala pansi pakhonde ndi kuwafotokozera zimene tinadzera. Iwo anaseka, natifunsa ngati zojambula zatha m'tauni, koma pambuyo pake anatilola kujambula pabalaza ndi m'nyumba yophikira. Kuchipinda anatikaniza, ndipo sitinaumirire. Analowako okha natulutsa buku lawo la nyimbo lokulungidwa m'kansalu kakale, ndipo m'kati mwa chikuto munali maina asanu ndi awiri a ana awo, pamene ife tinkadziwa asanu okha. Awiriwo anamwalira ali makanda bambo athu asanabadwe, ndipo palibe amene anatiuzapo za iwo. Tinajambula tsambalo kawiri, tinalemba m'kope zonse zimene anatiuza, ndipo bukulo analikulunganso nalibwezera kuchipinda kwawo.